Mphanda ya njanji isankhidwe ndi bogi lalitali, osati ndi maso

M'maiko monga America, Britain, Germany ndi Japan muli anthu akuluakulu, ena a imvi ndithu, amene amamanga njanji zing'onozing'ono m'nyumba zawo n'kumayendetsapo sitima zamagetsi zokwana m'dzanja. Si zidole wamba ayi. Chilichonse amachichepetsa pa sikelo imodzi. Sikelo yotchuka kwambiri imatchedwa HO, ndipo pa sikeloyi chinthu chenicheni chimachepetsedwa ka 87. Njanji yeniyeni imene zitsulo zake ziwiri zimatalikirana mamilimita 1,435 imasanduka kanjanji ka mamilimita 16.5. Ku America anthuwa ali ndi bungwe lawo, National Model Railroad Association, limene lidayamba m'chaka cha 1935, ndipo limalemba miyezo yoti opanga zipangizo azitsatira.

Pakati pa anthu amenewa pali mkangano umene sutha. Umakhudza malo amene njanji imodzi imagawikana kukhala ziwiri, kuti sitima isankhe kupita chowongoka kapena kupatuka. Aku America amawatcha turnout kapena switch, aku Britain amati points. Ife tiziti mphanda, chifukwa ndi mmene amaonekera. Mphandazi zimagulitsidwa m'masaizi osiyanasiyana, nambala 4, 5, 6, 8 ndi kupitirira apo, ndipo funso n'lakuti munthu agule iti. Ena amati gulani yaikulu chifukwa ndiyo imafanana ndi njanji yeniyeni. Ena amati gulani yaing'ono chifukwa ndiyo imakwana patebulo. Ine ndikuti magulu onse awiri akuyambira kolakwika. Choyamba kuyeza ndi bogi lalitali kwambiri limene lidzadutse pa mphandayo, ndipo zina zonse zimabwera pambuyo.

Mwina mukudabwa kuti nkhaniyi ikutikhudza bwanji, poti ambiri a ife sitinagwirepo sitima yotere. N'zoona, ndipo mtengo wake si wamasewera. Koma sindinapezepo chitsanzo china chaching'ono chimene trigonometry, circular motion ndi nkhani ya sikelo zimakumana pamodzi momveka ngati pamenepa. Kuwerengera konse mungathe kukuchita ndi rula, kampasi ndi katoni ya sopo.

Tiyambe ndi nambala ija. Pakati pa mphanda pali malo amene zitsulo ziwiri zimapingasana n'kupanga kachilembo ka V. Malowa m'Chingerezi amawatcha frog, kutanthauza chule, ndipo ine ndiziti chule basi. Nambala ya mphanda imanena mmene V ameneyu watsegukira. Pa nambala 4, mukayenda masentimita 4 kuchokera pa nsonga ya chule, zitsulo ziwiri zija zimakhala zitatalikirana sentimita imodzi. Pa nambala 6 muyenera kuyenda masentimita 6 kuti zitalikirane sentimita imodzi yomweyo. Choncho nambala ikamakula, kupatuka kumakhala kwapang'onopang'ono ndipo mphanda imatalika. Amene muli ndi kakyuleta pezani ngodya imene tan yake ndi 1 kugawa ndi 4. Mupeza madigiri pafupifupi 14. Nambala 5 ikupatsani pafupifupi 11.3, nambala 6 ikupatsani 9.5, ndipo nambala 8 ikupatsani 7 ndi pang'ono. Onani kuti nambalayi ilibe mayunitsi. Nambala 6 ndi nambala 6, kaya ndi patebulo, kaya ndi pa njanji yeniyeni ya ku Limbe.

Kuti sitima ifike pa chule itapatuka kale, iyenera kukhota kuchokera pomwe mphanda yayambira. Chitsulo chokhota chimenechi chili ndi radius yake, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Pa sikelo ya HO, mphanda yeniyeni ya nambala 4 imakhota pa radius ya masentimita pafupifupi 38. Nambala 5 ndi pafupifupi 66, nambala 6 ndi pafupifupi 109, nambala 8 ndi pafupifupi 170. Taonani kudumpha kwake. Kuchoka pa 4 kufika pa 6, nambala yangokula ndi theka lake, koma radius yakula pafupifupi katatu.

Tsopano funso limene ndimakonda kufunsa m'kalasi. Sitima yaing'onoyi ikagwa pa mphanda yothina, chaigwetsa n'chiyani? Pafupifupi aliyense amayankha kuti ndi liwiro, kuti imathamanga kwambiri ndiye yaponyedwa kunja ngati minibasi pa kona. Tiyeni tiwerengere tione ngati zili choncho. Acceleration yolozera pakati pa bwalo ndi v² kugawa ndi r. Sitima yeniyeni yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita 16.7 pa sekondi. Kasitima kathu, kuti kaoneke ngati kakuthamanga chimodzimodzi, kayende liwiro limeneli kugawa ndi 87, amene ndi mamita 0.19 pa sekondi. Pa radius ya mamita 0.38, yankho ndi pafupifupi 0.1 m/s². Yerekezani ndi g, amene ndi pafupifupi 10. Ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yokokera pansi. Zimenezi sizingagwetse kanthu.

Chitani zomwezo ndi sitima yeniyeni. Radius ya masentimita 38 kuchulukitsa ndi 87 ndi mamita 33. Sitima yothamanga mamita 16.7 pa sekondi pa kona yotere ikufunika 8.4 m/s², pafupifupi g wathunthu cham'mbali. Imeneyo ikhoza kugubuduka mosakaika. Chachitika n'chiyani? Liwiro talichepetsa ka 87, koma mu fomula liwirolo lili pa square, ndiye pamwamba pachepa ka 87 kawiri pamene pansi pachepa kamodzi. Zotsatira zake, kasitima kamamva mphamvu yam'mbali yochepa ka 87 poyerekeza ndi mkulu wake, pamene g sanasinthe. Sikelo imasunga maonekedwe koma siisunga fizikisi yonse.

N'chifukwa chake njanji zenizeni zimasankha mphanda poganizira liwiro. Ku America, m'mayadi momwe sitima zimayenda pang'onopang'ono amagwiritsa ntchito nambala 8 kapena 10, ndipo pa njanji zikuluzikulu amafika pa 15 kapena 20. Mphanda imene womanga sitima zazing'ono amaitcha yaikulu, kwa mainjiniya a njanji yeniyeni ndi yothina, ya m'yadi. Ndiye munthu akakuuzani kuti wagula nambala 8 kuti atsanzire zenizeni, dziwani kuti akadali kutali. Ndipo chifukwa chimene mainjiniya aja amasankhira mphanda zazitali, chomwe ndi liwiro, patebulo sichigwira ntchito.

Chimene chimagwetsa kasitima ndi geometry. Bogi ndi chinthu chowongoka, cholimba, ndipo sichipinda. Njanji ndi yokhota. Pansi pa bogi pali timagulu tiwiri ta mawilo timene timazungulira pa mapini awo, kamodzi cha kutsogolo kena cha kumbuyo. Timaguluti timatsata njanji, koma thupi la bogi limangolumikiza mapini awiriwo mowongoka, ngati chord ya bwalo. Pakati pa bogi pamalowa m'kati mwa kona, nsonga zake ziwiri zimatulukira kunja. Amene mudaonapo thiraki yaitali ikukhota pamphambano yothina m'tauni mukudziwa chimene ndikunena: mutu umapita kutali uko, mawilo akumbuyo akukwera m'mphepete mwa msewu.

Pali kafomula kosavuta koyezera zimenezi. Mtunda umene pakati pa chord pamatalikirana ndi bwalo ndi pafupifupi L² kugawa ndi 8R, pomwe L ndi kutalika kwa chord. Titenge bogi la anthu la ku America la mafiti 85. Pa HO limatalika masentimita 30, ndipo mapini ake amatalikirana pafupifupi masentimita 21. Kuti tipeze mmene nsonga yake yatulukira kunja, tichotse 21² mu 30², ndiye 900 kuchotsa 441, yankho 459. Tigawe ndi 8 kuchulukitsa 38. Tikupeza sentimita imodzi ndi theka. Mukumbukire kuti njanji yonse m'lifupi ndi masentimita 1.65. Ndiye kuti ngowe yolumikizira mabogi, ngati idamangiriridwa ku thupi la bogi, yachoka pakati pa njanji n'kupitirira chitsulo chakunja. Pa nambala 6, pomwe R ndi 109, nsonga yomweyo imangotuluka theka la sentimita.

Nanga bogi lalifupi la katundu, la mafiti 40? Limeneli ndi masentimita 14, ndipo mapini ake amatalikirana cha m'ma 10 ndi theka. Werengerani nokha pa radius ya 38. Mupeza mamilimita osakwana atatu. Mphanda yomweyo imene ikupotokola bogi la anthu, bogi la katunduli likudutsapo osadziwa n'komwe kuti pali vuto. Chinsinsi chili pa square ija. Kutalika kwa bogi kukawirikiza kawiri, vuto limawirikiza kanayi. Apa ndi pamene ndaima ndikamati funso loti ndi mphanda iti yabwino lilibe yankho mpaka mutandiuza bogi lanu lalitali.

Malo oopsa kwambiri ndi pomwe mphanda ziwiri zayang'anizana kuti sitima ichoke pa njanji ina kupita pa inzake yoyandikana nayo. M'Chingerezi amati crossover. Sitima imakhotera kumanzere, nthawi yomweyo n'kukhotera kumanja, ngati chilembo S. Pakati pa S ameneyu, bogi lakutsogolo lili pa kona ina ndipo nsonga yake yakumbuyo yatulukira mbali imodzi, pamene bogi lotsatira lidakali pa kona yoyamba ndipo nsonga yake yatulukira mbali inayo. Ngowe ziwiri zimene zagwirana zikukokeredwa kosiyana. Pa mabogi aatali ndi nambala 4, kusiyanako kungayandikire masentimita atatu zinthu zikaipitsitsa. Ngowe sizingapinde mpaka pamenepo. Chimodzi mwa ziwiri chichitika: ngowe zimasuka, kapena bogi lina likankhidwira m'mbali mpaka kamlomo ka wilo kakwere pamwamba pa chitsulo. Lamulo lakale la omanga njanjizi limati pakati pa makona awiri osiyana mbali payenera kukhala kachigawo kowongoka kotalika ngati bogi lanu lalitali. Pa crossover malo otere sapezeka mokwanira, ndiye chotsala n'kufewetsa makona enieniwo. Ine pamenepa sindinyengerera. Ngati pali malo amodzi okha oti mugulirepo nambala 6, ndi pa crossover.

Palinso mphamvu ina imene imakula sitima ikatalika. Mangani chingwe ku mwala, muchizunguze pansi mokhota, kenaka muchikoke. Chingwe chimafuna kuwongoka. Sitima yaitali ikamakokedwa pa kona yothina imachitanso chimodzimodzi, ndipo mabogi opepuka a pakati amagwera m'kati mwa kona, osati kunja monga anthu amaganizira. Injini ikamakankha chambuyo, zimatembenuka, mabogi amafuna kuthyokera kunja. M'yadi sitima zimakhalira kukankhidwa chambuyo tsiku lonse, ndiye mphanda za m'yadi zimayesedwa koposa zina.

Mukamva zonsezi mwina mukuti, aphunzitsi, ndiye tingogula nambala 8 paliponse nkhani ithe. Ayi ndithu. Mphanda yaikulu ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi malo. Pa HO, njanji ziwiri zoyandikana zimatalikirana pafupifupi masentimita 5 kuchokera pakati kufika pakati. Kuti mupite cham'mbali masentimita 5 pa kupendekeka kwa nambala 4, muyenda masentimita 20 kutsogolo. Pa nambala 6 ndi 30, pa nambala 8 ndi 40. Pa nambala 20 ya njanji zenizeni ija ndi mita yathunthu. Tsono jambulani yadi ya njanji zisanu, iliyonse ikuchoka pa inzake ngati makwerero. Pali masitepe anayi. Nambala 4 idya masentimita pafupifupi 80, nambala 6 idya 120, nambala 8 idya 160. Ngati yadiyo ili ndi polowera mbali zonse ziwiri, wirikizani kawiri. Thabwa la pulayiwudi limene ambiri amayambira kumangapo ndi la masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi. Nambala 8 mbali zonse ziwiri ikufuna 320. Mwagula mphanda zokongola, koma malo oimikapo mabogi palibe ngakhale a bogi limodzi. Ngakhale kusiyana kwa 4 ndi 6, masentimita 40 aja, ndi malo a mabogi a katundu pafupifupi atatu pa njanji yomaliza.

Pali vuto linanso limene sakonda kulitchula. V akakhala wowonda, chule amatalika, ndipo mpata umene wilo liyenera kudumpha pakati pake umatalikanso. Kasitima kamatenga magetsi kuchokera ku zitsulo ziwiri zija, china positive china negative, ndipo pa chule ndi pomwe zitsulo za mbali zosiyana zimakumana. Kuti pasakhale short circuit, opanga ena amapanga chule wa pulasitiki kapena wachitsulo koma wopanda magetsi. Injini yaifupi ya mawilo ochepa ikafika pa chule wamtali wakufayo ikuyenda pang'onopang'ono, imazima pomwepo. Izi zimakonzeka polumikiza waya ndi switch yosintha polarity, koma ndi ntchito yowonjezera, ndipo imakula pamodzi ndi nambala.

Komanso palibe phindu kugula mphanda yofewa kuposa makona ena onse a patebulo panu. Pa thabwa la masentimita 122, makona ambiri amakhala a radius ya masentimita 46 kapena 56, chifukwa bwalo lalikulu kuposa pamenepo silingakwane. Bogi limene lingadutse pa 56 lingadutsenso pa nambala 5, imene radius yake ndi 66. Nambala 8 pamenepo siwonjezera chilichonse pa kayendedwe ka sitima, chifukwa malire aikidwa kale ndi kona yothina ija. Koma tembenuzani nkhaniyi muone msampha wake. Munthu wayala makona a 46 mosamala, kenaka n'kuikapo nambala 4 yeniyeni ya radius 38. Kona yothina kwambiri pa njanji yake yonse yabisala m'kati mwa mphanda, ndipo iye adzakhala akudzudzula injini.

Maganizo anga ndiye awa. Ngati mabogi onse ndi aafupi, a masentimita 14 kapena 15, ndipo injini ndi yaing'ono, nambala 4 ikwanira pa tinjanji tolowera ku mafakitale, ndipo musachite nayo manyazi. M'yadi ndingasankhe nambala 5, imene ndikuona kuti anthu amaidumpha popanda chifukwa: imadya masentimita 25 pa sitepe m'malo mwa 20, koma radius yake ndi 66 m'malo mwa 38. Kwa masentimita asanu okha mwagula zambiri. Pa njanji yaikulu ndi pa crossover, nambala 6. Nambala 8 ndi ya munthu amene ali ndi chipinda chonse komanso mabogi a anthu a masentimita 30. Ndivomereze kuti sitima yaitali ikamadutsa pa nambala 8 imakoma m'maso, imayenda ngati njoka m'madzi, ndipo munthu amene malo ali nawo n'kusankha kukongola kumeneku sanalakwe. Chimene ndikukana n'kuyambira pa kukongolako usanayeze tebulo.

Muchenjerenso ndi zolembedwa pa paketi. Kampani ya Atlas ya ku America ili ndi mphanda imene imaitcha nambala 4, koma ukaiyeza ili pafupi ndi 4 ndi theka, ndiye ndi yofewa kuposa dzina lake. Ilinso ndi ina yotchedwa Snap-Switch imene siyendera nambala konse, imangokhota pa radius ya masentimita 46 mpaka kumapeto. Kampani ya Peco ya ku Devon ku England, pa njanji zake za Streamline za mtundu wa ku Britain, imagulitsa mphanda za radius yaing'ono, yapakati ndi yaikulu, masentimita 61, 91 ndi 152, ndipo zonse zitatu zimatulukira pa ngodya imodzi ya madigiri 12. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 18.5, 22 ndi 26. Njira imeneyi ine imandisangalatsa, chifukwa imauza wogula chinthu chenicheni chimene bogi lake lidzakumane nacho, chomwe ndi radius. Koma ikutanthauzanso kuti mphanda ya kampani ina simungangoisinthanitsa ndi ya inzake poyang'ana dzina.

Yesani izi kumapeto a sabata. Lumikizani mapepala a nyuzipepala pansi. Mangani pensulo ku chingwe, mujambule chigawo cha bwalo cha radius 38 ndi china cha 109. Dulani katoni ziwiri, ina masentimita 30 ndi 3.5, ina 14 ndi 3.5. Boolani timabowo tiwiri pa mzere wa pakati, totalikirana 21 pa yaitali ndi 10.5 pa yaifupi. Yendetsani katoniyo timabowo tili pa mzere wa pensulo, ndipo muyeze kuti nsonga yatuluka bwanji. Kenaka jambulani S, mudule katoni ziwiri zazitali, muziyendetse motsatizana. Fomula ija mudzaiona ndi maso.

Wina angafune kumanga zakwathu, mwachitsanzo mphambano ya ku Nkaya ku Balaka, kumene sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa popita ku Nacala. Ameneyo adziwe kuti njanji zathu, monganso za ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, n'zopapatiza, mamilimita 1,067. Kugawa ndi 87 mupeza 12.3, ndiye adzafunika kanjanji ka mamilimita 12, osati 16.5. Njira ina n'kusunga 16.5 koma kusintha sikelo kukhala 1 pa 64, monga amachitira ambiri ku New Zealand, kumene njanji zawo n'zofanana ndi zathu. Mabogi a malasha ndi aafupi, ndiye fomula ya chord siidzamuvutitsa. Chidzamuvutitsa ndi chingwe chija, poti sitima zimenezi zimakoka mabogi oposa 100, ndipo ngakhale titati bogi lililonse ndi masentimita 12 okha, sitimayo ipitirira mamita 12, kutalika kuposa kalasi yathu. Adzayenera kuidula ifike mabogi khumi kapena khumi ndi awiri, aike timiyala kapena timanati m'mabogi opanda katundu kuti alemereko, ndipo m'yadi mwake ine ndingamuuze nambala 5.